Phunziro 9: Nyumba ndi Mtengo Wake

SABATA MADZULO

WERENGANI PA PHUNZIRO LA MLUNGU UNO: Genesis 2:8-15, Yeremiya 29:1-14, Deuteronomo 20:19, 20, 23:12-14, Yona 4:5-11, Mateyu 7:24-27, Mika 4:4.

VESI LOLOWEZA: Yeremiya 29:5.

GANIZO LOTSOGOLERA: Mulungu sanalekanitse kumanga ndi kubzala. Nyumba imene idya mitengo yoizinga imatsala yokha pamphepo. Koma nyumba yomangidwa pamodzi ndi zomera imasunga mwini wake, ngakhale mwiniyo akhale mlendo wosadziwa tsiku lake lochoka.

Munthu wochokera ku Lilongwe kulowera ku boma la Dowa, atayenda makilomita oposa 40, amafika pa chitunda cha mphepo chotchedwa Dzaleka. Kale malowa anali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale, ndipo dzina lakelo linali kulapa kwa wandende wolonjeza kuti adzaleka. M'chaka cha 1994 boma la Malawi, pamodzi ndi bungwe la UNHCR loona za anthu othawa kwawo, linasandutsa malowa kukhala msasa wa othawa nkhondo, makamaka ochokera ku Rwanda, Burundi ndi dziko limene tsopano litchedwa Democratic Republic of Congo. Msasawo unakonzedwa kuti usunge anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000. Pofika chaka cha 2023 okhalamo anali atapitirira 50,000.

Anthu akachuluka chotero pa malo ochepa, nkhani ya nyumba imasanduka nkhani ya moyo. Njerwa zichokera kuti? Nkhuni zophikira zichokera kuti? Madzi a padenga alowera kuti mvula ikagwa? Mafunso omwewa ali pa midzi yonse ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ndiponso pa komiti iliyonse yomanga tchalitchi. Ku Dzaleka angooneka msanga chifukwa cha kuthithikana. Akatswiri a zomangamanga a masiku ano amaphunzitsa kuti nyumba iyenera kulinganizidwa pamodzi ndi mitengo, udzu, madzi ndi nthaka ya pamalopo, zonse zikhale ngati ziwalo za thupi limodzi. Mlungu uno tiona kuti Malemba anayamba kale kuloza njira imeneyi, ndipo tidzifunsa chimene tiyenera kuchita pa mabwalo athu mvula ya chaka chino isanathe.

SANDE
MUDZI WOYAMBA WA MUNTHU (Genesis 2:8-15)

Kodi Mulungu anamkonzera munthu malo otani okhalamo? Tchulani zinthu zimene zinali pamalopo. Gen. 2:8-10.

Mudzi woyamba wa munthu unali munda. Munali mitengo yosangalatsa maso, mitengo ya chakudya, ndi mtsinje wothirira zonsezo. Pokhala, podyera ndi pogwirira ntchito panali pamodzi. Mlengi sanaike munthu pabwalo lopanda kanthu kuti pambuyo pake adzakongoletsepo ndi maluwa. Zomera zinali mbali ya nyumbayo kuyambira pachiyambi.

Ndi ntchito ziwiri ziti zimene Adamu anapatsidwa? Gen. 2:15. Yerekezani ndi Numeri 3:7, 8.

M'Chihebri mawu awiri a ntchitozi ndi abad, ndiko kutumikira kapena kulima, ndi shamar, ndiko kusunga kapena kulondera. Mawu awiri omwewa ndi amene agwiritsidwa ntchito pofotokoza udindo wa Alevi pa chihema chokomanako. Motero kusamala malo amene tikhalapo si nkhani ya alangizi a zaulimi okha. Ndi utumiki umene tidzayankhapo kwa Mwini dziko.

Makolo athu, ngakhale asanalandire Buku Lopatulika, ankadziwa mbali ina ya nzeru imeneyi. Nyumba inkamangidwa ndi zinthu za pamalo pomwepo: nsichi, phaso, luzi, dothi ndi udzu wa tsekera. Khonde linkazungulira nyumba yonse kuti mvula isanyambite khoma. Mpanda unali wamoyo, wa nkhadze kapena mitengo ina yophuka ikazikidwa. Kumene madzi a m'bafa ankatsikira kunali tsinde la nthochi, ndipo chinkhupule chinkayanga pa udzu wa bafalo. Maungu ndi mphonda zinkakwera pa khola. Pakati pa mudzi panali kachere, pamene akulu ankaweruzira milandu. Nyumba ikatha ntchito inkabwerera kudothi, ndipo pabwinja pankamera chimanga chonenepa.

Pang'ono ndi pang'ono tinaphunzira kuyesa bwalo loyera mbee kuti ndilo ukhondo. Timasesa m'mawa uliwonse kufikira nthaka itauma ngati simenti, masamba n'kuwatentha. Zotsatira zake tonse timazidziwa: fumbi mu Okutobala, matope mu Januwale, ndi maziko a nyumba otsala pamtunda chifukwa tsache ndi mvula zachotsa dothi lowakwirira. M'zaka za m'ma 1970 anthu awiri a ku Australia, Bill Mollison ndi David Holmgren, anayambitsa chiphunzitso chotchedwa permaculture, chimene chimalinganiza nyumba, madzi, ziweto ndi zomera kuti chilichonse chidyetse chinzake. Kuno kwathu malo otchedwa Never Ending Food ku Chitedze asonyeza kuti bwalo la nyumba wamba lingathe kupatsa banja ndiwo ndi zipatso chaka chonse. Dzina ndi lachilendo, koma zambiri mwa zimene amaphunzitsazo agogo athu akanazizindikira.

Imani pakhomo panu ndi kuyang'ana. Kodi bwalo lanu likuchitira umboni wa mlimi ndi mlonda, kapena wa wosesa yekha?

LOLEMBA
KALATA YOPITA KWA ANDENDE (Yeremiya 29:1-14)

Kodi kalata ya Yeremiya inalembedwa kwa yani, ndipo anthuwo anali m'mavuto otani? Yer. 29:1-4.

M'chaka cha 597 B.C. Nebukadinezara anatenga mfumu Yekoniya, akulu, amisiri a mitengo ndi osula, napita nawo ku Babulo. Anthuwa anali ndi mtima umodzi wokha, wobwerera kwawo. Ku Yerusalemu mneneri wonyenga Hananiya ankalonjeza kuti zonse zitha zaka ziwiri zisanapite (Yer. 28:1-4), ndipo ku Babulo kunalinso olosera otere. Munthu woyembekeza kunyamuka mawa sazika nsichi yakuya, ndipo sabzala mtengo.

Ndi malamulo ati amene Mulungu anapereka m'vesi 5 mpaka 7? N'chifukwa chiyani kumanga ndi kubzala zaikidwa m'mpweya umodzi?

Yehova anawauza zoona: ukapolo udzatha zaka 70. Chotero anawalamula kumanga nyumba ndi kukhalamo, kulima minda ndi kudya zotulukamo, kukwatira ndi kukwatitsa, ndiponso kufunira zabwino mudzi wa adani awo. Nyumba yokha ikanawabisa ku dzuwa, koma akanakhalabe opempha. Munda unawabwezera ulemu wa munthu wodya thukuta lake. Zindikirani kuti lonjezo la kubwerera silinafafanizidwe (vesi 10, 11). Chiyembekezo cha kwawo ndi khasu la lero zinayenera kuyendera limodzi.

Kwathu timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma ku Dzaleka kuli anthu amene anabadwira mumsasa, nakulira momwemo, naberekanso ana awo. Malamulo a dziko amafuna kuti othawa kwawo azikhala mumsasa, ndipo m'chaka cha 2023 ambiri amene ankakhala m'mizinda anabwezedwa kumeneko, malo n'kucheperachepera. Malo oyamba a msasawo ndi mahekitala pafupifupi 200 okha. Mabanja ambiri alibe munda. Ali ndi kachigawo ka pakhomo, khoma ndi denga.

Komatu ngakhale pamenepo lamulo la Yeremiya lingathe kusungidwa. Papaya amabala chaka chisanathe kapena chitangotha, ndipo safuna malo aakulu. Nthambi ya cham'mwamba ikazikidwa imaphuka, masamba ake n'kukhala ndiwo. Thumba lodzaza dothi ndi manyowa, loboola m'mbali, limasenza mpiru ndi anyezi pamalo pamene pangakhale mpando umodzi. Nyemba zoyanga, maungu ndi magalagadeya zimakwera chingwe kupita padenga, osalanda njira ya mnansi. Pamene nthaka yachepa, khoma ndi denga zimasanduka munda.

Tisaiwalenso mwambi wina, woti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ku Rwanda ndi ku Burundi, maiko a mapiri ndi a anthu ochuluka, mudzi wa banja umatchedwa urugo, ndipo mwa chikhalidwe umazingidwa ndi mpanda wamoyo ndi munda wa nthochi. A ku Rwanda ali ndi kadimba ka pafupi ndi khitchini kamene amati akarima k'igikoni. Abale athu ochokera kumeneko ali ndi zambiri zotiphunzitsa za kukhala pa malo ochepa a pachitunda.

Ife amene tiyembekeza kubwera kwa Ambuye, kodi sitikhala nthawi zina ngati omvera Hananiya, osabzala kanthu poti dziko likutha? Kodi Luka 19:13 atiuza chiyani?

LACHIWIRI
MTENGO WAKE WA NJERWA (Deuteronomo 20:19, 20, Luka 14:28)

Ndi lamulo lotani limene Israyeli anapatsidwa lokhudza mitengo pa nthawi ya nkhondo? Deut. 20:19, 20.

Ankhondo ozinga mudzi ankafuna mitengo yomangira malinga. Mulungu anawaloleza kudula mitengo yosabala chakudya, koma anawaletsa kugwetsa ya zipatso. Sanaletse nkhwangwa, anaiikira malire. Nkhondo imatha, koma ana obadwa pambuyo pake adzafuna kudya. Ngati malire otere analipo pa nthawi ya nkhondo, nanga pa nthawi ya mtendere, pamene tikumanga nyumba zathu ndi nyumba ya Mulungu?

Kodi Yesu anati womanga ayambe wachita chiyani? Luka 14:28.

M'chinenero chathu liwu loti mtengo limatchula chomera ndiponso ndalama zogulira chinthu. Powerengera mtengo wa nyumba timalemba simenti, malata, misomali ndi malipiro a mmisiri, koma mitengo yolowa mu uvuni wa njerwa sitiilemba. Uvuni umafuna zipika zikuluzikulu zoyaka usana ndi usiku, ndipo zipika zotere zimachokera ku mitengo imene inatenga zaka makumi kuti ikule. Kumene kwaumbidwa njerwa kumatsalanso maenje osunga madzi ndi udzudzu. Pa chifukwa ichi, m'chaka cha 2018 bungwe la National Construction Industry Council linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zina zikuluzikulu.

Taganizirani mpingo waung'ono umene wakhala zaka zambiri ukupemphera pansi pa mitengo ya mango. Abale asonkha ndalama, aumba njerwa, ndipo posowa nkhuni agwetsa mango omwewo. Tchalitchi chatha, chapatulidwa ndi nyimbo. Koma makalasi a Sukulu ya Sabata alibenso mthunzi wokhalapo, ana alibe chipatso, ndipo mphepo yoyamba ya mkuntho ipeza malata opanda chowatchinga. Kodi mpingo umenewu unawerengera mtengo?

Njira zina zilipo. Nyumba ya mdindo, imene a chigawo chapakati amaidziwa bwino, imamangidwa potsendera dothi lonyowa pang'ono pakati pa matabwa, mzere ndi mzere. Zidina zimauma ndi dzuwa lokha, ndipo nyumba zambiri za ku Dzaleka ndi za zidina. Palinso njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zotsenderedwa ndi makina a manja, zimene zimalimba pozithirira madzi pamthunzi, osaona moto. Khoma lochindikala la dothi limachedwa kutentha masana ndipo limachedwa kuzizira usiku, chinthu chokoma m'nyengo yozizira ya ku Dowa. Mdani wake ndi madzi, ochokera kumwamba ndi ochokera pansi. Chotero lipatseni maziko a miyala okwera pamwamba pa nthaka, denga lotuluka bwino kunja, ndi khonde. Za phaso, nsungwi zobzalidwa m'malire a munda zimayamba kudulidwa patapita zaka zinayi kapena zisanu, ndipo tsinde lake limaphukanso chaka ndi chaka.

Tisaloze chala alendo okha. Mapiri a Dowa ndi Ntchisi ayera chifukwa cha minda yatsopano, makala, nkhuni, zigafa za fodya ndi mauvuni athu tonse. Koma pa phiri la Ntchisi pakadali nkhalango yowirira ya mitengo italiitali, imodzi mwa zochepa zotsala za mtundu wake m'chigawo chapakati. Akulu amasimba kuti m'zaka za m'ma 1800 Achewa ankabisala m'menemo pothawa nkhondo ya Angoni, ndipo chifukwa cha ichi anailemekeza. Nkhalango inasunga othawa, othawawo anasunga nkhalango.

Ngati mpingo wanu uli ndi chikonzero chomanga, kodi m'chikonzeromo muli mzere wa mitengo yobzala?

LACHITATU
MSASA WA YONA (Yona 4:5-11)

Yona anadzimangira chiyani kum'mawa kwa Nineve? Nanga Mulungu anawonjezapo chiyani, ndipo Yona anamva bwanji? Yona 4:5, 6.

Yona anali kale ndi msasa womanga ndi manja ake, komabe anasangalala kwambiri pamene msatsi unamera ndi kumphimba. Mthunzi wa chinthu chouma ndi wa chinthu chamoyo ndi wosiyana. Malata amatchinga dzuwa, koma iwo eni amatentha, nathira kutenthako pamitu ya okhala pansi pake. Tsamba limakoka madzi kuchokera kumizu ndi kuwatulutsa mumpweya, ndipo potero limaziziritsa malo, monga mtsuko wadothi uziziritsa madzi mwa kuchita thukuta. Mbozi itadya msatsi, mphepo yotentha ya kum'mawa inampeza Yona, ndipo msasa wake sunamthandize.

Kodi phunziro lalikulu limene Mulungu anafuna kumphunzitsa Yona linali lotani? Yona 4:9-11.

Tisasokoneze nkhaniyi. Yona anamvera chisoni chomera chimene sanachivutikire, koma sanamvere chisoni anthu oposa 120,000 a mu Nineve ndi ziweto zawo. Sitibzala mitengo chifukwa chokonda mitengo koposa anthu. Timabzala chifukwa cha mwana wogona m'nyumba yotentha, mayi woyenda mtunda wautali kukatola nkhuni, ndi mnansi wa kumunsi amene madzi athu amamgwetsera khoma.

Kubzala kumafuna nzeru. Kuno kwathu dzuwa lopweteka ndi la masana ndi madzulo a Okutobala ndi Novembala, lomenya khoma la kumadzulo. Kumeneko ndiko kuyenera mtengo wa mthunzi kapena chisakasa cha zomera zoyanga. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo mbali imeneyo ndi bwino kuisiya yotseguka kuti nyumba ifunde. Mphepo yozizira ya mwera imachokera kummwera chakum'mawa. Mzere wa mitengo kumeneko umachepetsa mphamvu ya mphepo pa mtunda wokwana pafupifupi kakhumi kutalika kwa mitengoyo. Kachere, mkuyu ndi bulugama zikhale kutali, pakuti mizu yake imang'amba maziko, ndipo bulugama amamwa madzi ambiri. Ellen G. White, m'buku la The Ministry of Healing la chaka cha 1905, anachenjeza kuti zomera zoyanga zisatseke mazenera, ndipo mitengo isayandikire nyumba kufikira kutsekereza dzuwa ndi mpweya. Nyumba ya chinyontho ndi ya mdima imabala matenda. Mthunzi ukhale pabwalo ndi pakhoma, kuwala kulowe m'chipinda.

Maiko ena afika patali ndi nzeru zotere. Ku Harare, nyumba ya Eastgate, yotsegulidwa mu 1996, inakonzedwa ndi Mick Pearce potengera mmene chiswe chimayendetsera mpweya m'chulu. Ku Milan, nyumba ziwiri zosanja zotchedwa Bosco Verticale, zomalizidwa mu 2014, zimasenza mitengo mazanamazana pa makonde ake. Zimenezi ndi za ndalama zambiri. Koma chitsanzo choyandikira chili m'minda ya kwathu konkuno: chigafa chamoyo. Alimi ena, m'malo modula nsichi chaka ndi chaka, amabzala mitengo yokula msanga m'mizere yolingana ndi chigafa, ndipo patapita zaka zitatu kapena zinayi amamanga phaso ndi denga pa mitengo yamoyoyo. Chiswe sichiigwetsa msanga, ndipo nthambi zosadza zimakhala nkhuni.

Ife sitilima fodya, koma chaka chilichonse timadula mitengo yomangira malo a msonkhano wa misasa, msonkhano ukatha n'kuitentha. Werengani Levitiko 23:39-43. Kodi chingatiletse n'chiyani kubzala nsichi zamoyo pa bwalo la msonkhano, kuti ana athu adzangofolera?

LACHINAYI
MVULA IKAGWA (Mateyu 7:24-27, Deuteronomo 23:12-14)

Ndi zinthu zitatu ziti zimene zinayesa nyumba ziwiri za m'fanizo la Yesu? Kusiyana kwa omanga awiriwo kunali pati?

Mvula, mitsinje ndi mphepo zinafika pa nyumba zonse ziwiri. Yesu ankanena za kumva mawu ake ndi kuwachita, koma anatenga fanizo pa chinthu chimene mmisiri aliyense amachidziwa: nyumba imayesedwa ndi madzi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera pa phiri la Soche kulowa m'nyumba za ku Chilobwe mu Blantyre, ndipo m'chigawo chakummwera anthu mazanamazana anataya miyoyo. Sitiweruza ofedwa, pakuti ambiri anamanga pamene umphawi unawalola. Koma tiphunzirepo: phiri lopanda mitengo silingathe kugwira madzi ake, ndipo Dowa ndi Ntchisi ndi maiko a mapiri.

Denga lililonse la malata ndi kasupe. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa denga la mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imapereka lita imodzi ya madzi. Tsono denga la mamita 6 m'litali ndi 5 m'lifupi, m'chaka cha mvula ya mamilimita 800, limatsitsa malita 24,000, ndiwo zigubu 1,200 za malita 20. Madzi amenewa akasiyidwa amakumba ngalande m'mbali mwa khoma, nasonkhana ndi a mnansi, nasanduka chigwembe. Pamene nyumba zathithikana monga ku Dzaleka, madzi a denga la wina ndiwo amagwetsa zidina za mnzake. Banja lomwelo limene madzi analiwonongera nyumba mu Febuluwale limaima pa mzere wa pa mjigo mu Okutobala.

Mankhwala ake ndi kuwachedwetsa madziwo, kuwamwaza ndi kuwalowetsa pansi. Ikani ngalande ya lata m'mphepete mwa denga kuti madzi alowe mu mgolo wovundikira. Osefukira apite m'dzenje losaya, kutali ndi maziko, lodzaza zinyalala zowola ndi lozingidwa ndi nthochi. Madzi a m'bafa ndi a pa thandala la mbale atsate njira yomweyo, kuti asaime poyera kuitana udzudzu. Kumtunda kwa nyumba bzalani mzere wa udzu wa vetiva mopingasa chitunda. Mizu yake imalowa pansi mamita awiri kapena atatu, ndipo mzerewo umasefa dothi madzi n'kudutsa pang'onopang'ono. Masamba ogwa musawatenthe, aphimbe nthaka.

Kodi Mulungu anapereka lamulo lotani la ukhondo wa mumsasa wa Israyeli, ndipo pa chifukwa chanji? Deut. 23:12-14.

Zonyansa zinayenera kukwiriridwa m'nthaka, pakuti Yehova ankayenda pakati pa msasawo. Nthaka ndi yamoyo. Tizilombo tosaoneka ndi maso timasandutsa zonyansa kukhala chonde. Peter Morgan wa ku Zimbabwe, amene analandira mphotho ya Stockholm Water Prize mu 2013, anafalitsa chimbudzi chotchedwa Arborloo. Dzenje lake ndi losaya, ngati mita imodzi. Aliyense akatha amathiramo dothi ndi phulusa. Likatsala pang'ono kudzaza amalikwirira ndi dothi labwino, nabzalapo mtengo, kanyumba n'kusunthira pa dzenje lina. Chimbudzi chilichonse chikhale kumunsi ndiponso mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime. Pamene malo alipo, njira imeneyi imasandutsa chinthu cha manyazi kukhala mzere wa mapeyala ndi mapapaya.

Tsatirani madzi a denga lanu kufikira kumene amathera. Kodi mnansi wanu wa kumunsi amadalitsika nawo kapena amalira nawo? Onani Aroma 13:10.

LACHISANU

KUPHUNZIRA MOPITIRIZA: Werengani Mika 4:1-4, Yesaya 65:21, 22, Chivumbulutso 22:1, 2.

Aneneri pofuna kujambula mtendere sanatchule nyumba zachifumu. Mika anaona munthu aliyense atakhala pansi pa mpesa ndi mkuyu wa iye mwini, popanda womuopsa. Yesaya anaona omanga akukhala m'nyumba zawo ndi obzala akudya zipatso zawo, osalandidwa ndi wina; lonjezo limeneli ndi lokoma koposa kwa iwo amene anasiya nyumba ndi minda yawo m'manja mwa ankhondo. Ndipo Yohane anaona mzinda wokhala ndi mtsinje pakati pake ndi mtengo wa moyo m'mbali mwake. Baibulo liyamba ndi munda, litha ndi mzinda umene munda uli m'kati mwake. Wobzala mtengo pakhomo pake lero sakukana kuti ndi mlendo padziko. Akuphunzira makhalidwe a kwawo.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko lathu imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo. Mbande yobzalidwa mvula ikayamba imakhazikika mizu chilimwe chisanafike. Yobzalidwa mochedwa imafuna kuthirira kwambiri. Kubzala ndi tsiku limodzi, koma kutchinjiriza ku mbuzi, ku moto ndi ku chiswe ndi ntchito ya zaka zitatu. Apa ndi pamene abad afunika shamar.

MAFUNSO OKAMBIRANA:

1. M'bale wina akuti, "Ndimakhala nyumba ya lendi; ndibzalirenji mtengo umene adzadye ndi ena?" Mungamuyankhe bwanji kuchokera pa Yeremiya 29:5-7? Ndani anabzala mango amene inu munadya muli mwana?

2. Njerwa zootcha zimayesedwa chizindikiro cha chitukuko, ndipo nyumba ya mdindo ena amaichitira manyazi. Kodi maganizo amenewa akukhudza bwanji zosankha za komiti yanu yomanga?

3. Mutu umodzi susenza denga. Kodi kalasi lanu lingagwirizane bwanji ndi abale okhala ku Dzaleka, kapena alendo ena a m'dera lanu, pa nkhani ya mbande, mbewu ndi nzeru, kuti mbali zonse ziwiri zipereke ndi kulandira?

4. Lembani malo atatu pa bwalo la tchalitchi chanu pamene payenera mtengo, mtundu wa mtengowo, ndi dzina la amene adzausamale.

MWACHIDULE: Kuyambira mu Edene kufikira mu Yerusalemu Watsopano, pokhala pa munthu ndi pakati pa zamoyo. Andende a ku Babulo analamulidwa kumanga ndi kubzala pamodzi, ngakhale anali kuyembekeza kubwerera kwawo. Tiwerengere mtengo wonse wa njerwa zathu, tiike mthunzi pamalo pake, tisunge madzi a madenga athu, ndipo tisanene kuti nyumba yatha kufikira titabzala.